Foni Imene Ndinalanda Mkamwini Wanga

Ine ndine Dalton Goliati. Ngati galimoto yanu inalandirapo giyabokosi kapena mashoko ochokera ku Area 2, mwina zinadutsa m'manja mwangamu. Ndinachoka ku Mitundu ndi malaya awiri ndi sipanala imodzi, lero pasipoti yanga ndi yachinayi chifukwa zitatu zoyambazo zinadzaza ndi zidindo. Ku Dubai ndimapita ngati mmene ena amapitira ku Lizulu kukagula tomato. Ku Dar es Salaam anthu a padoko amandiitana ndi dzina. Ku Guangzhou ndinadya chinthu chimene mpaka lero sindidziwa ngati chinali cha m'madzi kapena cha mumtengo. Geti la nyumba yanga ku Area 43 limatseguka lokha. Choncho pamene Eveless, mwana wa mlongo wanga, ankakwatiwa ndi Shadrick, funso loti nkhoswe akhale ndani silinatenge ndi mphindi yomwe.

Lolemba lina masana nditabwera kunyumba kudzadya, ndinapeza Eveless atakhala pakhonde, sutikesi ili pambali, dzanja lili pamimba. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi.

"Amalume, ndabwera. Sindibwererako."

"Wakumenya?"

"Ayi."

"Pali mkazi wina?"

"Akanakhala mkazi bwenzi ndikudziwa kokamupeza. Ndi gemu."

Ndinaseka, koma ndinaseka ndekha. Eveless anafotokoza kuti kwa miyezi yambiri Shadrick akaweruka kuntchito amalowetsa galimoto kumpanda, kuzimitsa injini, n'kukhala momwemo ola lathunthu, foni ataigwira chopingasa, zala zikuvina pagalasi. M'mawa wa tsikulo anamuperekeza kusikelo kukajambulitsa sikani. Atafika anati, tsogola, ndipake kaye galimoto. Sanalowe. Eveless anatuluka patatha ola, chithunzi cha mwana chili m'manja, n'kukaima pawindo la galimoto. Mwamunayo sanamuone n'komwe.

Chaka chatha awiriwa anataya mwana wawo woyamba. Anabadwa atamwalira kale. Mwa mwambo wathu mwana wotere amakaikidwa ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda maliro. Amuna sitipitako, sitilira, sitifunsa. Ine ndinatumiza galimoto yoti iwanyamule amayiwo, nkhani n'kuthera pomwepo.

"Ulendo uno ndikufuna munthu pambali panga," anatero Eveless. "Ngati palibe, ndikachilira kwa amayi ku Mitundu, ndipo banja lithere pamenepo. Sindikuopseza ayi, amalume."

Mkazi wanga Immaculata, amene ine ndimamuitana kuti Naphiri, anatenga sutikesi ija n'kulowa naye m'nyumba. Ine ndinapita kwa nkhoswe inzanga. Amalume a Shadrick ndi a Nasoni, bambo wachikulire amene amalondera nyumba ina misewu itatu kuchokera kwanga, ndipo tsiku lililonse amabwera wapansi kuchokera ku Kauma. Ndinawapeza atakhala pa ndowa yovundikira kuseri kwa geti. Tinagwirizana zokumana Loweruka 2 koloko masana, kunyumba kwa anawo ku Area 15.

"Tikamve kaye mbali zonse ziwiri, a Goliati," anatero.

"Mbali ndi imodzi, a Nasoni, ndipo imayendera batire. Isiyeni kwa ine. Ndinathetsapo mkangano wa Mtaifa ndi Mchaina popanda womasulira."

Lachiwiri nthawi ya lanchi ndinamupeza Shadrick ku City Centre, panja pa ofesi ya inshuwalansi imene amagwirako ntchito. Ndi munthu wamtali, wofatsa, wa tayi yowongoka, wa mtundu uja wopepesa mpando akaugunda.

"Akamwini, foni."

"Amalume?"

"Foni ija. Ikhala kwa ine mpaka Loweruka. Ndi umboni." Ndinamupatsa kafoni kamabatani kamene ndinatenga m'dirowa kushopu. "Chotsani simu muike umu. Kali ndi tochi ndi wailesi. Zikukwanirani."

Sanatsutse. Anachotsa simu, n'kundiuza nambala yotsegulira ndisanamalize kufunsa. Ndikutembenuka, anandigwira jekete.

"Amalume, ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Gemuyo musaitsegule."

"Ine? Ndili ndi makontena awiri panyanja, akamwini. Ndili ndi nthawi ya tizidole?"

Ndinaitsegula Lachitatu m'mawa, mu ofesi yanga kuseri kwa shopu. Nkhoswe iyenera kudziwa chimene ikukaweruza. Kanyimbo kanayamba kulira, kamawu kowonda ngati munthu akuimba limba la malata, ndipo ndinadzuka pampando.

Ndinkakadziwa kanyimboko. Mu 1994, ndili ndi zaka 19, ndinkagwira ntchito pa galaja ina konkuno ku Area 2. Pafupi pake panali a Greenwell okonza ma TV, ndipo anali ndi kamakina ka gemu kolumikiza ku TV kamene kasitomala wina anakasiya osadzakatenganso. Dzina la gemuyo linali la Chijapani. Ife tinkangoitcha Kanyali. Kamunthu kakang'ono, konyamula nyali ndi nkhwangwa, kamachoka m'mudzi mwake n'kutsikira mumgodi wa magawo asanu ndi anayi, kukutola makiyi, kukumenya mileme ndi zinkhanira. Pa gawo lachisanu pali mlatho wa matabwa, ndipo thabwa lililonse limagwa ukangolipondapo. Miyezi inayi ndinagwa pamlathowo tsiku ndi tsiku nthawi yopuma, mpaka magetsi anabwera mwamphamvu tsiku lina n'kuotcha kamakinako. Ndadutsa malire a mayiko khumi ndi anayi. Mlatho umenewo ayi.

Tsopano unali m'manja mwanga, m'foni ya mkamwini, zithunzi zake zomwe zija za timabokosi.

Koma panali vuto. Pa makina a a Greenwell mabatani anali enieni. Unkawamva pansi pa chala, ankalira ukawadina. Apa anangowajambula pagalasi, mtanda kumanzere, timabwalo tiwiri kumanja, kamodzi kodumphira, kena komenyera. Galasi silikuuza kuti chala chaphonya. Ndipo zala zanga zazikulu zinaleredwa ndi sipanala. N'zotakata, zokhakhala. Chimodzi chimaphimba timabwalo tonse tiwiri. Ndikafuna kudumpha, kamunthu kankamenya mphepo ndi nkhwangwa n'kugwera m'dzenje mwaulemu.

Gemuyo ili ndi malo atatu osungirapo pamene wafika, ndipo kamunthuko umakapatsa dzina wekha. Malo awiri anali opanda kanthu. Oyamba analembedwa TAMANDO, gawo lomaliza, makiyi onse, maola 212. Ndinaseka mpaka ogulitsa m'shopu anasuzumira. Maola 212, munthu wafika pakhomo lomaliza, makiyi ali m'thumba, osalowa! Ndinati ameneyu ndi Shadrick weniweni, wogogoda ngakhale pachitseko chotsegula.

Ndinayamba gemu yanga pamalo achiwiri, dzina GOLIATI, zilembo zazikulu. Pofika masana ndinali pa gawo lachiwiri, khosi likuwawa. Kenako ndinaganiza zongosuzumira mwa Shadrick, ndione chimene chili kutsidya kwa mlatho, zaka makumi atatu ndisakuchidziwa. Mawu oti kutsegula ndi oti kufufuta anawaika moyandikana, tating'ono ngati nyerere. Ndinadina. Panatuluka kafunso. Nthawi yomweyo kasitomala anakuwa kutsogolo kuti pampu imene ndinamugulitsa sikulowa, ine n'kudzutsa mutu, n'kuyankha kuti ndikubwera, chala n'kutera pagalasi.

Nditayang'ananso, malo oyamba anali mbee.

Ndinazimitsa foni n'kuyatsanso. Ndinaigwedeza. Ndinaiuzira mpweya ngati mmene tinkachitira ndi makaseti a a Greenwell. Palibe.

Mumvetse kukula kwa nkhaniyi. Nkhoswe imene yalanda katundu wa munthu ngati umboni n'kumuwononga ilibenso pakamwa pamlandu. Loweruka nkhani ikanachoka pa Eveless n'kubwera pa ine. Shadrick akanakhala wodandaula, a Nasoni akanangokhosomola, ndipo mwana wa mlongo wanga akanakwera basi ya ku Mitundu ndi mimba yake. Njira inali imodzi. Ndinalembanso TAMANDO pamalo oyambawo n'kuyambira m'mudzi. Shadrick zinamutengera maola 212. Ine ndinali ndi masiku atatu. Za nambala ya maolayo ndinati ndidzaganiza ndikafika.

Masiku amenewo sindinakhale pansi bwinobwino. Ndinadula titepi takuda tamagetsi n'kutimata pagalasi kuti chala chizimva pamene pali batani. Zinathandiza mpaka thukuta linayamba kutimatula. Ndinatenga paudala wa Naphiri n'kudzola zala. Ndinapala chikanga cha pachala chamanja ndi sandipepa ya m'shopu mwanga momwe. Foni ikatentha ndinkaiika pa mphepo ya m'galimoto ngati mwana wodwala malungo. Lachinayi ndinayenda msewu wa Malangalanga wonse, shopu ndi shopu, kufunafuna chogwirira cha mabatani enieni cholumikiza kufoni. Ku Dubai zimenezi amagulitsa ndi pabwalo la ndege pomwe. Kuno ndinachipeza chimodzi, n'kukana kugwirizana ndi foniyo.

Ndinasewera kubanki ku City Centre, nambala yanga n'kuitanidwa katatu. Ndinasewera mumzere wa magalimoto pa mlatho wa Lilongwe, ndipo a kutsogolo atasuntha ine ndinali pakati pomenyana ndi chinkhanira chachikulu cha gawo lachinayi. Kumbuyo konse kunalira mahutala. Kondakitala wa minibasi anatulutsa mutu.

"Abwana, ngati ndi tulo kagoneni kunyumba! Galimoto yonseyo yopanda bedi?"

Chinkhanira ndinachipha.

Lachinayi lomwelo madzulo, dzuwa lisanalowe, ndinafika pa mlatho wa matabwa uja ndili m'galimoto kumpanda kwanga. Geti linali litatseguka lokha n'kudzitsekanso kalekale. Ndinagwa kakhumi. Ndinagwa kamakumi awiri. Chala chikatsetsereka pang'ono pokha, kamunthu kankaima, thabwa n'kupita nako. Wina anagogoda padenga la galimoto. Anali Naphiri.

"Bambo a Thoko, mukutani mmenemo?"

"Ndikuwerenga umboni."

"Umboni uli ndi nyimbo?"

"Naphiri, za ankhoswe simungazimvetse."

"Paudala wanga ndikumumvetsa. Watha theka." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwana uja sakudya. Mukalowa mumufunseko kuti ali bwanji."

Ndinalowa. Patebulo mwendo wanga unkagwedeza madzi m'makapu. Ndikatseka maso ndinkaona matabwa akugwa. Kumufunsa Eveless ndinaiwala.

Lachisanu Shadrick anandiimbira kasanu ndi kamodzi pa kafoni kamabatani kaja. Nthawi zonse ankandipeza ndili pakati pa mlatho, ndipo ndinkadula ndi chigongono. Madzulo Eveless anandidikira pakhonde.

"Amalume, Shadrick wakuimbirani?"

"Mmm. Ndinali pamsonkhano."

"Ine wandiimbira, sindinayankhe. Ndinati zonse zidutse kwa inu, monga mwa dongosolo. Mawa mukanena chiyani?"

"Usadandaule. Ndinalankhulapo pamaso pa anthu mazana atatu ku Nairobi, wopanda pepala."

"Amalume, kuno si ku Nairobi."

Dzanja langa linali kale m'thumba, pafoni.

Loweruka ndinatsogoza Naphiri ndi Eveless pagalimoto ya Naphiri, ndinati ndidzera kushopu. Ku Area 15 ndinafika nthawi yabwino, kutatsala mphindi makumi awiri kuti 2 koloko ikwane. Ine sindichedwa. Ndege sinandisiyepo. Ndinaima pansi pa mtengo kunja kwa mpanda, n'kuzimitsa injini. Ndinadziwa kuti gawo lomaliza sindingafikenso. Koma ndinati ndikangowoloka mlathowo, mwina kutsidyako n'kosavuta, mwina ndingathamange magawo awiri, mwina Shadrick sangayang'anitsitse. Ndiyese kamodzi kokha.

Ndinafika pakati. Ndinagwa. Ndinafika kupitirira pakati, mleme n'kundigunda. Ulendo wina ndinatsala ndi matabwa atatu, ndikuona nthaka ya kutsidya, udzu wake wobiriwira wa timabokosi, chala n'kutsetsereka pa thukuta. Ndinakuwa m'galimoto ndekhandekha. Ndinapukuta galasi ndi tayi n'kuyambiranso.

Sindikudziwa kuti anaima pawindo nthawi yaitali bwanji. Chimene ndinaona choyamba ndi chithunzithunzi pagalasi la foni. Nditadzutsa mutu, Eveless anali pamenepo, manja onse awiri pamimba. Wotchi ya m'galimoto inkati 3:10.

Anazungulira n'kutsegula chitseko cha mbali inayo, n'kukhala pansi pang'onopang'ono. Kanyimbo kankalirabe.

"A Nasoni anafika 1 koloko," anatero. "Wapansi. Apemphera kawiri. Tiyi wazizira. Ine ndimati mwachita ngozi."

"Eveless, mwana wanga, ndikufotokozere."

"Ndinathawa mwamuna wokhala m'galimoto, n'kupita kwa amalume kuti akandilankhulire." Anaseka, koma kuseka kwake sikunali kwabwino. "Basi. Mundiperekeze kudepoti. Palibe chokambirana."

Ndanenapo mabodza ang'onoang'ono pa malire a mayiko, sindikana. Koma apa ndinalibe lina lotsala. Ndinamuuza zonse: za 1994, za a Greenwell, za zala zanga, za kasitomala wa pampu.

"Ndiye ndinamufufuta mwangozi Tamando wakeyo," ndinatero, "ndipo kuyambira Lachitatu ndikuyesa kumubwezera pamene anali."

Eveless anatembenuka.

"Mwati ndani?"

"Tamando. Ndi dzina limene Shadrick anapatsa kamunthuka. Taona." Ndinamusonyeza. "Iye anali nako maola 212."

Anatenga foniyo m'manja mwanga. Anayang'ana dzinalo, anayang'ana kamunthu kataima kumayambiriro kwa mlatho, nyali ili m'manja, kakuphethira. Anatsika n'kulunjika kunyumba, ine pambuyo, paudala ali mbuu pa thalauza.

Pabalaza a Nasoni anakhala chowongoka mu jekete yosita bwino. Naphiri anali pa sofa, osandiyang'ana. Shadrick anali pa kampando pakona. Mwa dongosolo, pamlandu wa banja ankhoswe ndiwo amayamba, eni ake amadikira mpaka afunsidwe. Eveless sanadikire. Anapita kwa mwamuna wake n'kumuika foni pabondo.

"Ndani uyu?"

Shadrick anayang'ana, n'kuyang'ana pansi.

"Ndakufunsani, Shadrick. Ndani uyu?"

"Ukumudziwa," anatero motsitsa.

Apa m'pamene Naphiri anagwira pakamwa, ndipo ine ndinamvetsa mochedwa kuposa aliyense m'nyumbamo. Tamando linali dzina limene awiriwa anasankhira mwana uja wa chaka chatha. Palibe wina amene anauzidwa.

"Sindinamuone," anatero Shadrick. "Sindidziwa ndi pamene anamuika. Anandiuza kuti ndibwerere kuntchito, ndilimbe mtima, ndisakukumbutse. Tsiku lina gemu inafunsa dzina, ndinangolemba." Anapukuta manja pa thalauza. "Ndinafika kumapeto kalekale. Sindinkafuna kulowa, chifukwa ukalowa gemu imatha. Ndimangobwerera naye kumudzi kuja koyambirira. Kuli kamtsinje ndi mbuzi. Ndimangomuyendetsa."

"Nanga Lolemba? Kusikelo?"

"Chipinda chake ndi chomwe chija, Eve. Chaka chatha ndinalowa, ndinaima pambali pako, nesi akuyendetsa chija pamimba, makina ali zii. Lolemba ndinazimitsa injini, ndinagwira chitseko, miyendo inakana."

"Ndiye simukanandiuza?" Mawu a Eveless anakwera. "Ine dzinali ndakhala ndikulitchula kubafa, nditatsegula mpopi kuti musamve! Ndimati munaiwala. Ndimati kwa inu sanali munthu. Inu m'galimoto, ine kubafa, nyumba imodzi!"

A Nasoni anakhosomola n'kutenga chipewa chimene chinali pabondo n'kuchiika pansi.

"Amene anamuletsa ndine," anatero. "Tsiku lija anafuna kukwera nawo galimoto ya amayi okaika mwanayo. Ndinamugwira dzanja pageti la chipatala. Ndinati amuna sapita, ndipo usakatchulenso. Ndi mmene anandiuzira inenso, nthawi yanga. Sindinaganize kuti akapita nazo kuti."

Ndikanatha kungokhala, nkhani inali itayamba kuyenda yokha. Koma Shadrick anali atayang'ananso pafoni, ndipo ndinaona maso ake ataima pa nambala. Gawo lachisanu. Maola 31.

Ine ndakhalapo pa mipando ya chikopa m'maofesi a nsanjika makumi anayi. Tsiku limenelo ndinatsika n'kukhala pansi pa simenti, kutsogolo kwa mkamwini wanga, n'kuwomba m'manja.

"Akamwini, munandipempha chinthu chimodzi. Sindinamve. Ndinatsegula, ndipo chala changa ichi chinafufuta zanu zonse. Uyu mukumuonayu ndinalemba ndine, kuti musadziwe. Ndalakwa."

Shadrick anagwira foni ndi manja awiri. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira. Mapewa ake anayamba kugwedezeka, kenako analira, kulira kwenikweni kotsegula pakamwa, kwa munthu amene wakusunga chaka chathunthu. Ndinayang'ana a Nasoni, ndimati amuletsa. Sanamuletse. Eveless anaima kanthawi, kenako anachotsa foni m'manja mwake n'kuiika patebulo chafufumimba, n'kukoka mutu wa mwamuna wake n'kuutsamiritsa pamimba pake.

Tinakhala choncho mpaka Naphiri anapita kukatenthetsanso tiyi.

Atabwera nayo, a Nasoni anayankhula ngati nkhoswe, ndipo ndivomere kuti anayankhula bwino kuposa mmene ndikanachitira, ngakhale sanafikepo ndi ku Mchinji komwe. Anati iwo ndi Naphiri akalankhula ndi amayi amene anakaika mwanayo, kuti awiriwa akasonyezedwe malowo, apite limodzi. Kenako anatembenukira kwa ine.

"A Goliati, nkhoswe ikalakwa pamlandu wa eni ake imapereka nkhuku. Yachikuda. Osati zija za m'firiji."

"Ndibweretsa zisanu."

"Imodzi. Koma muigwire nokha."

Ndinaganiza kuti zatha, ndinayamba kale kufunsa kuti sutikesi ndiibweretse nthawi yanji. Eveless anapukusa mutu.

"Ndamva zonse, ndipo mtima wanga watsika. Koma ndikubereka m'miyezi itatu, ndipo sindikabereka ndekha munthu ali panja. Adokotala anati ndibwerenso Lolemba. Shadrick, mukalowa nane m'chipinda chija, sutikesi ibwera kuno. Mukakhala m'galimoto, ipita ku Mitundu. Lero ndikukagona kwa amalume."

Lolemba ndinawatenga ndine, sutikesi ili kubuti. Titafika, Eveless anatsika n'kuyamba kuyenda osacheuka. Shadrick anakhala. Ndinamva akupuma kumbuyo kwanga. Kenako anatulutsa foni m'thumba, anaiika pampando wa pambali panga, n'kutsika.

Anayenda bwino mpaka pakhomo la chipatala. Pamenepo anaima. Anthu ankamulambalala, mayi wina n'kumugunda ndi chikwama, iye n'kupepesa. Dzanja langa linali pa hutala. Ine ndine munthu wa hutala, moyo wanga wonse ndakankha zinthu kuti ziyende. Sindinaimbe. Ndinawerenga mpaka makumi asanu ndi limodzi, ndinayambiranso. Eveless anatulukira mkatimo, sanamugwire, anangoima n'kumuyang'ana. Shadrick anakonza tayi yake n'kulowa.

Anakhalamo mphindi makumi anayi. Foni inali pampando, batire lodzaza, titepi tanga tiwiri tikadali pagalasi. Ndinatsika. Ndinazungulira galimoto kakhumi ndi kamodzi. Ndinaponda matayala onse. Ndinauza bambo wina wosamudziwa kuti mashoko ake akumbuyo atha, ndipo anali atathadi. Ndachita zazikulu zambiri pa moyo wanga, ndinatulutsapo kontena padoko tsiku la holide, koma lembani izi pamwamba: foniyo sindinaikhudze.

Anatuluka limodzi. Shadrick ndiye ananyamula chithunzi, ndi manja awiri, maso ali psuu.

"Amalume, mtima wake ukumveka! Ukugunda ngati chigayo!"

Eveless anakhala kumbuyo n'kumanga lamba pansi pa mimba.

"Ku Area 15, amalume," anatero.

Sutikesi ndinaitsitsa ndekha n'kuinyamula mpaka pabalaza. Potuluka Shadrick anandiperekeza kugeti. Ndinayang'ana kumbuyo, ndinaona kuti palibe munthu, n'kutsitsa mawu.

"Akamwini, pakati pa ife awiri. Mlatho uja mumawoloka bwanji?"

Asanatsegule pakamwa, windo la kukhitchini linatseguka.

"Amalume," anatero Eveless. "Nkhuku."